Tsiku Limene Ndinasasula Denga Langa Ndekha

Mpaka lero ndikamva fungo la mpunga wonyowa, ndimakumbukira tsiku limenelo.

Ndili ndi kanyumba kosungiramo mpunga pa Golomoti, ndipo ndinakalembetsa inshuwalansi (osati mwa nzeru zanga ayi, anandikakamiza ndi mayi a kunyumba). Tsiku lina mphepo yamkuntho inasasula denga lonse. Kwathu kuno munthu salira yekha. Dzuwa lisanalowe, anzanga a mumphakati anali atafika ndi nyundo, kuwongola malata opindikawo n'kuwakhomanso.

M'mawa mwake ndinaimbira a inshuwalansi kuti andigulire malata atsopano, poti akalewo anali atabookabooka. Mayi amene anayankha anati, "Bambo, musataye chilichonse mpaka munthu wathu adzaone."

Adzaona chiyani, denga lili pamalo pake? Ndinathamangira kwa alamu anga kukapempha nzeru (apa ndi pamene ndinaponda pamoto).

"Yaing'ono iyi, alamu," anatero. "Tingotsitsa malatawo, aone mmene mphepo inasiyira."

Tsiku lobwera munthuyo tinalawirira. Titatsitsa theka, mitambo ikuda kumapiri, galimoto loyera linaima pakhomo. Ine ndinali pamwamba, nyundo ili m'manja. Alamu anadumpha n'kulowa m'chimanga, makwerero n'kugwa.

Mlendoyo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Pepani bambo, mphepo ija ndinu?"

Ndinadziona ndili kupolisi, ana anga akundibweretsera chakudya m'kambale. Ndinaulula zonse ndili pamwamba pomwepo, mawu akutuluka ngati a mwanapiye.

"Kunamiza a inshuwalansi ndi mlandu, bambo," anatero. "Koma kufolera msanga kuti katundu asawonongeke ndi ufulu wanu, ndiponso ndi udindo wanu. Anzanuwo anachita bwino. Mukanangondionetsa malata obookawo ndi mboni, basi."

Asanamalize n'komwe, mvula inakhuthuka. Ndinakuwa kuti andiimikire makwerero, koma pamene ndinkatsika n'kuti madzi akuyenda pamatumba.

Amumphakati anandichitira umboni, ndipo patapita nthawi a inshuwalansi anandigulira malata. Nditafunsa za mpunga, anandiyankha mwaulemu kuti iwo amalipira zimene yawononga mphepo, osati zimene wawononga mwini wake. Anandiuzanso kuti ndili ndi ufulu wokadandaula ngati sindikukhutira. Ndikadandaule kuti chiyani, anthuni?

Mpunga wa chaka chonse unamera m'matumba. Alamu amabwerabe kwathu kudzacheza, ndipo mwamanyazi ndikuuzeni kuti dzana ndinawafunsanso nzeru.