Chilangizo Chimene Chinandidyera Uhedimasitala

Uhedimasitala ndinauona ndi maso angawa, ndinafika poununkhiza, koma sindinaulawe. Palibe amene anandilodza, ndipo sindinabe ngakhale choko cha boma. Chinandigwetsa ndi liwu limodzi la Chichewa chathu chomwechi, ine munthu amene pa mayeso a Fomu 4 Chichewa ndinachikhoza mochita kudabwitsa aphunzitsi anga.

Inali nthawi imene matipate anali atangolowa, sukulu za pulayimale zitangokhala zaulere. Sukulu yathu, chakufupi ndi Chipoka, inadzaza ngati bwato pa nyengo ya usipa. Ana ena ankaphunzirira pansi pa mitengo ya mango, ena anabwera kudzayamba Sitandade 1 ali ndi ndevu. Ahedi athu ataona kuti zawakulira anapuma ntchito n'kupita kwawo kukalima. Ine monga wachiwiri wawo ndinagwirizira mpandowo, ndipo aliyense ankadziwa kuti kwangotsala kundikhazikitsa. Sukulu ndinkaiyendetsa bwino, musamve za anthu. Ndikangotsokomola pakhonde, makalasi onse ankangoti zii.

Kenaka anatiitana ku semina ku boma la Salima. Wophunzitsa anali Mayi Kalua, mayi wachichepere amene anali atangobwera kuchokera kunja ndi digiri yachiwiri. Yoyamba inali ya uphunzitsi, yachiwiriyo ya kayendetsedwe ka sukulu ndi kathandizidwe ka ana amene zawasokonekera mumtima. (Ine ndinkaganiza kuti digiri ili ngati mutu, munthu amakhala nayo imodzi.) Mayi ameneyu ndiye anapatsidwa udindo woyendera sukulu zathu n'kukanena kwa akuluakulu kuti uyu uhedi akuuyenera, uyu ayi. Choncho ndinakhala mpando wakutsogolo, n'kumagwedeza mutu ngati gulo.

"Nthawi ya chikoti yatha," iwo anatero. "Mwana akayamba kujomba, musamukalipire. Muitaneni payekha, mumumvetsere, ndipo zimene wakuuzani zikhale chinsinsi. Munthu akabwera atakwiya, musamubwezere. Ingomuuzani modekha kuti, 'Ndikumva kuti mwakhumudwa.'"

Ndinakweza mkono. "Nanga akapitiriza kutukwana?"

"Mubwerezenso mawu omwewo, aphunzitsi."

Mumtima ndinati, anthu amakwera ndege kukaphunzira zimenezi? Koma atafunsa kuti ndani ayambitse ntchitoyi pa sukulu pake, mkono woyamba kukwera unali wanga. Ndinachita kuwaitana kuti adzabwere adzaone okha tsiku loyambalo.

Vuto linali dzina la ntchitoyo. Semina inkachitika m'Chizungu, ndipo dzina lake la Chizungu likadutsa pakamwa pa munthu wa kwathu limatuluka kuti khansala. Masiku amenewo ukanati ndiwe khansala, mawa lake anyamata a zipani akanakupeza pakhomo kudzafunsa mtundu wa nsalu imene wavala mumtima. Ndiye ndinakhala pansi n'kumasulira ndekha. Alangizi a zaulimi ku Chinguluwe ndi amuna, amayenda pa njinga, anthu amawalemekeza. Basi, ine ndikhala mlangizi. Nanga ntchito ya mlangizi ndi chiyani? Chilangizo. Ndinadziyamikira kwambiri.

Mkazi wanga nditamuuza, anasiya kupeta mpunga n'kundiyang'ana.

"Bambo a Chikondi, mawu amenewo musakawatchule pagulu."

"Chifukwa?"

"Chilangizo chili ndi eni ake."

"Kodi inu munali nawo ku semina?"

"Sindinali nawo. Koma Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo."

Si kuti sindinkadziwa ayi. Ndinabadwira konkuno. Ndinkadziwa bwinobwino kuti mtsikana akatha msinkhu, amayi akuluakulu amamutengera m'nyumba kukamulangiza za ukulu, ndipo mwamuna saloledwa ngakhale kudutsa kuseri kwa nyumbayo. Koma mutu wanga unali utadzaza semina, malo a nzeru za kumudzi munalibe.

Lachisanu ndinaitanitsa msonkhano wa makolo. Anabwera ambiri, asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba, ena ndi madengu awo. Ndinayamba bwino. Ndinati atsikana athu akumasiyira sukulu panjira, ena akuthera ku gombe kukayanika usipa, ena akukwatiwa asanalembe mayeso. Anthu anavomera ndi mitu. Zimenezo zinandipatsa mphamvu, ndipo ndinakweza mawu.

"Choncho kuyambira Lolemba ndikuyambitsa chilangizo pa sukulu pano. Mlangizi wake ndine ndemwe. Ndiyamba ndi atsikana a Sitandade 8, ndipo zimene tizikambirana ndi chinsinsi. Ngakhale inu makolo simudzauzidwa."

Kunangoti zii. Ine ndinayesa ulemu.

Mkulu wina wa makoka, bambo wofatsa, anavula chipewa. "Pepani aphunzitsi, khutu langa lakumanzereli linalowa madzi. Mwati muyambitsa chiyani?"

"Kodi ndikuyankhula Chigiriki? Ndati chilangizo."

Kumbali ya amayi kunamveka mawu. "Inuyo munavinidwa kuti, kuti mukalangize ana athu?"

Ine ndinamva ngati akukayikira maphunziro anga, ndipo palibe chimene chimanditentha mutu ngati chimenecho. "Ndinakaphunzira ku boma, mayi. Anatiphunzitsa ndi mayi wa madigiri awiri. Setifiketi ili mu ofesimo, amene akufuna akaone."

"Boma layamba kupereka setifiketi ya zimenezo?"

Wina kumbuyo anangoti, "Ndiye demokalase imeneyo."

Ndinatseka msonkhano ndili wokhutira. Madzulo ake ndinauza mkazi wanga kuti makolo alandira nkhaniyo mwachidwi. Iye anangoti, "Oo," n'kupitiriza kukazinga chambo.

Lolemba ndinavala tayi. Belu litalira ndinaima pamzere kuyang'ana ana. Anyamata anali mbwee. Atsikana, kuyambira Sitandade 5 kupita m'mwamba, panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndinaganiza kuti mwina kwagwa maliro. Ndinalowa mu ofesi, n'kuika mipando iwiri moyang'anizana monga anatiphunzitsira, ndipo ndikuikonza choncho ndinamva nyimbo ikuchokera cha ku msewu wa kunyanja.

Linali gulu la amayi. Kutsogolo kunali a Nachisale, mkulu wa alangizi a ku tchalitchi, ndi Abiti Saidi, amene ankalangiza atsikana a kumbali ya ku mzikiti. (Amayi awiriwa sankagwirizana ngakhale pa mtengo wa tomato. Ine ndiye ndinawayanjanitsa, ndipo palibe amene anandithokozapo.) Analowa osaodira, ena n'kudzaza pakhomo ndi pazenera. A Nachisale anaika chitenje ndi duku patebulo panga, n'kuzisalaza bwinobwino ndi dzanja.

"Tamva kuti mwalowa ntchito yathu, aphunzitsi. Ndiye tabweretsa yunifolomu."

Ndinafuna kuwakalipira pomwepo. Koma ndinakumbukira uhedi, ndinakumbukiranso semina. Ndinapinda manja, n'kuyankhula ndi mawu ofewa amene ngakhale ine sindinawazindikire.

"Ndikumva kuti mwakhumudwa."

"Mukumva? Kani makutu muli nawo? Nanga Lachisanu munawasiya kuti?"

"Ndikumva kuti mwakhumudwa."

Abiti Saidi anatembenukira anzawo. "Wallahi, bambo awa adwala. Akungobwereza mawu amodzimodzi ngati mwana wa Sitandade 1." Kenaka anandiyang'ana. "Tiyeni tsono, anzathu. Yambitsani nyimbo yolowera m'tsimba, ife tivomera."

"Ndikumva kuti..."

Sindinamalize. Mayi wina amene anazembera kumbuyo kwanga anandiveka duku lija kumutu, ndipo chiseko chimene chinabuka chinamveka mpaka ku gombe.

Abale anga, semina yonse inatuluka m'mutu ngati utsi. Ndinamenya tebulo mpaka choko chinadumpha. Ndinawauza kuti pano ndi pa sukulu ya boma, osati pa tsimba. Ndinawatchula kuti mbuli. Ndinanenanso zina zokhudza fungo la nsomba, zimene sindingazilembe pano chifukwa ena mwa amayiwo adakali moyo ndipo amadziwa kumene ndimakhala. Ndinatola chikoti chimene ndinachibisa kuseri kwa kabati chibwerereni ku semina, n'kutuluka nacho panja ndikukalipa kuti aliyense achoke.

Pakhomo pomwepo ndinakumana ndi Mayi Kalua akutsika galimoto ya boma. Anandiyang'ana kuyambira ku chikoti, kudzera pa tayi, kukafika ku duku limene linali likulendewerabe pa khutu.

"Aphunzitsi," iwo anatero modekha, "ndikumva kuti mwakhumudwa."

Apo ndi pamene ndinadziwa kuti mawu amenewa amapweteka bwanji ukakhala kuti akuuzidwa ndiwe.

Mayi Kalua sanalowe mu ofesi. Anapempha chitenje chomwe chija, n'kuchimanga pamwamba pa siketi yake, n'kukhala pansi pamchenga ndi amayiwo, miyendo atatambalala. Iwo ankayankhula, iye ankamvetsera. Ine ndinaima padzuwa ngati mlonda. Nkhani itafika pa setifiketi, ndinamuona akutseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Pomaliza anagwirizana kuti mphunzitsi wathu wina wamkazi azicheza ndi atsikana za sukulu, a Nachisale ndi Abiti Saidi azithandiza kubweza amene asiya, ndipo ine ndipepese. Ndinapepesa. (Amayiwo anati sanamve bwino, ndibwereze. Ndinabwereza.)

Titatsala awiri, Mayi Kalua anati, "Bwanji simunangoti uphungu, aphunzitsi?"

"Mayi, ndikanati ndine phungu, bwenzi pano anthu atandidzadzira pakhomo kudzapempha mijigo ndi mabokosi a maliro. Akanati ndikufuna ku Nyumba ya Malamulo."

Anaganiza kaye, n'kuvomera kuti pamenepo ndanena zoona. Koma nditawafotokozera mmene zonse zinayendera, anatinso mkazi wanga anandichenjeza, mkulu wa makoka anandifunsa, amayi anandifunsanso, ine osamva. "Munthu wofuna kuphunzitsa ena kumvetsera," iwo anatero, "ayambe wamvetsera yekha."

Mawa lake atsikana anabwerera m'makalasi, ndipo ena amene anasiya kalekale anabweranso, chifukwa a Nachisale akagogoda pakhomo pako sukana. Uhedi unapita kwa mkulu wina wochokera kumtunda, woyankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kuti mawu amuthera. Ine ndinakhala wachiwiri mpaka kupuma ntchito.

Mpaka lero ndimanenabe kuti maganizo anga anali abwino, ndipo cholakwa ndi chiyankhulo. Khansala ndi wa ndale, phungu ndi wa ndale, chilangizo ndi cha amayi. Munthu wofuna kuthandiza ana aime pati? Mkazi wanga amati aime pamene angamve zimene anthu akumuuza, koma iyeyo sanali nawo ku semina.

Dzina lokha ndiye linandikakamira. Ndikatsikira ku gombe kukagula ndiwo, amayi amayamba kukodolana ndidakali patali. "Anamkungwi afika, apatseni malo." Poyamba ndinkabwerera osagula. Koma ndinaona kuti akamaliza kuseka amathira usipa wanga m'pepala, kenaka n'kuwonjezera dzanja lina lodzaza, amati limenelo ndi la mnzawo wa pantchito. Ndimalandira. Ndine wopsa mtima, osati wopusa.