A Ebelesi ndi Kasipuni ka M'khosi

Kuno kwa Zingalume mukafunsa za malemu a Ebelesi Nambewe, aliyense amayamba ndi kasipuni. Kanali kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo ankakamangirira pachingwe m'khosi, pamene amayi anzawo amavala mikanda. Akakupezani mukumwa tiyi sankayamba ndi moni. Ankalanda kaye sipuni yanu, n'kutapa shuga ndi kawoko, n'kusalaza pamwamba ndi chala kuti pasakhale phiri, n'kuthira m'kapu mwanu. Akatero m'pamene ankati, "Mwauka bwanji kuno?"

Ine ndine Monika, amake Misozi, ndipo ndili ndi kantemba pamphambano. Ndimagulitsa shuga, mabanzi ndi zakumwa za m'botolo. Ndiye mutha kuona nokha kuti ine ndi iwo tinkayang'anana ndi diso la nkhwezule.

Sanali nesi ayi. Sukulu anasiyira Giredi 7. Koma ali ndi zaka makumi asanu anapalasa njinga mpaka kuboma ku Chadiza, kukachita maphunziro a anthu odzipereka ophunzitsa zaumoyo m'midzi. Anabwerako ndi chikwama chabuluu, kamakina koyezera shuga m'magazi, ndi pakamwa pamene sipanatsekekenso.

Loweruka lililonse ankaimika njinga pafupi ndi kantemba kanga. Tsiku lina a Steward, oyendetsa ngolo, anagula botolo lozizira ndi mabanzi awiri.

"A Steward, tambasulani dzanja," anatero a Ebelesi.

Anatapa mchenga ndi kasipuni kaja, n'kumathira m'dzanja la munthu wamkulu uku akuwerenga mokweza mpaka kasanu ndi katatu.

"Shuga amene ali m'botolomo ndi ameneyo. Imwani tsopano, ine ndikuonereni."

A Steward anandibwezera botolo mwakachetechete.

"A Ebelesi, mundiphera bizinesi!" ndinakuwa ine.

"Akumanda sagula mabanzi, amake Misozi. Ine ndikukusungirani makasitomala."

Mudzi wonse unaphunzira kubisa shuga. Njinga yawo ikangoonekera kuchigwa, mawu ankathamanga khomo ndi khomo kuposa moto wa lupsa. Ena ankabisa m'nkhokwe, ena m'wailesi yakufa. A Lenia akuti anaika paketi yonse pansi pa nkhuku yofungatira, n'kuiwala, nkhukuyo n'kuifungatira masiku atatu.

Kenaka anatembenukira kunyumba kwanga. Amuna anga, a Filimoni, ndi mkulu wa mpingo, ndipo masiku amenewo anali ndi mimba imene ankaitcha madalitso. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, a Ebelesi anawadikira pakhomo penipeni, anthu onse akumva.

"A Filimoni, ulaliki umodzi mwatuluka katatu. Akukuvutani ndi Mawu kapena chikhodzodzo?"

"Mayi, muzilemekeza malo ano!"

"Ndipo madzi mukumwa ngati ng'ombe yochokera kumunda. Ndipatseni chala."

"Chala changa sichibayidwa ndi munthu wa Giredi 7."

Koma m'mawa mwake tinapeza a Ebelesi atakhala pakhonde pathu, chikwama pamiyendo. Mawa lakenso chimodzimodzi. Masabata awiri athunthu! Amuna anga anayesa kutulukira pawindo lakuseri, thalauza n'kukodwa pamsomali. Tsiku limenelo anagonja, n'kupereka chala.

Kamakina kataonetsa nambala, a Ebelesi anakhala chete. Sindinawaonepo ali chete. Anangoti, "Valani nsapato, tipite kukiliniki lero lomwe." Kumeneko anatsimikiza kuti ndi matenda a shuga, n'kuwapatsa mapilitsi. Pobwerera a Ebelesi anabwereza mawu amodzi njira yonse: "Mapilitsi amenewa musamamwe n'kukhala ndi njala. Mwamva, a Filimoni?"

"Ndamva, apolisi," anatero amuna anga.

Chaka chotsatira, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, mpingo wathu unalandira msonkhano waukulu wa chitsitsimutso. Alendo anachokera kwa Mlolo ndi midzi yonse yozungulira. Olandira alendo anali a Filimoni. Anamwa pilitsi lawo m'mamawa, phala n'kulisiya patebulo, ati nthawi yatha. Mpaka dzuwa kufika pamutu anali akunyamula mabenchi ndi kuthamangira uku ndi uku.

Itakwana nthawi ya zolengeza, anaima kutsogolo ndi pepala. Ndinaona pepalalo likunjenjemera.

"Kwaya ya… kwaya ya ng'ombe iimbe Lachisanu," anatero.

Achinyamata anaseka. Iwo anapukuta nkhope, thukuta likuchita kuyenderera mpaka kunyowetsa tayi. Anayambanso, mawu akutuluka okulungika ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Abusa atawagwira phewa kuti akhale pansi, anawakankha. Abusa!

Kuseka kunatha. Kumbuyo kwanga ndinamva kunong'ona: "Aledzera." Wina anati, "Mkulu wa mpingo, pamaso pa alendo!" Winanso anati, "Iyayi, awa awachita chipongwe anthu." Zaka makumi atatu za ukwati, amuna anga sanalawepo mowa.

A Osward, mkulu mnzawo, anawagwira mkono mwamphamvu.

"Tikawagoneke m'kachipinda kakumbuyo, titseke chitseko. Akadzuka tikambirana."

"Mukawatsekera, mukatsegula ali maliro!"

Anali a Ebelesi, akudumpha mabenchi chitenje atachikwinyira m'mawondo. Anagwira khosi la amuna anga, n'kutembenukira kwa ine.

"Adya m'mawa?"

"Ayi."

"Pilitsi amwa?"

"Amwa."

Anawakhazika pansi, n'kuwabaya chala. Atayang'ana kamakina, anaimirira n'kukuwa ndi mawu amene anamveka mpaka kumsewu:

"Shuga! Ndipatseni shuga msanga!"

Amayi amene ankaphikira alendo anayang'ana pansi.

"Ife tinasiya kale, aNambewe," anatero a Lenia mwaulemu.

"Musatiyese m'nyumba ya Mulungu," anawonjezera wina.

"Sindikuyesani! Shuga wawo watsikitsitsa! Ndani ali ndi shuga?"

Palibe anasuntha. Zaka zisanu ndi ziwiri anthu akubisa, ndiye lero angotulutsa pamaso pa abusa? Ndipo ndiulule tchimo langa: ine ndinali ndi timapaketi tiwiri pamfundo ya chitenje, ta tiyi wa alendo. Dzanja linafika pamfundopo n'kuima. Mutu unasokonezeka. Ndinaganiza kuti munthu wodwala shuga, kumupatsanso shuga, si kumutsiriza kumeneko?

Mutu wa amuna anga unayamba kugwera pachifuwa. Maso anali otsegula koma sankaona munthu.

A Ebelesi anagwada patsogolo panga.

"Monika, akangokomoka sathanso kumeza, ndipo minibasi kuno ibwera mawa. Mwamuna wako akupita. Masula chitenjecho, ndikudziwa uli naye."

Sanandiitanepo ndi dzina langa chibadwire. Ndinamasula.

Abale inu, zimene zinachitika pamenepo! Shuga anatuluka paliponse. A Lenia anamutulutsa m'bulangete la mwana. Amayi abusa anatsegula kachikwama ka nyimbo. A Osward anavula chipewa, m'katimo muli kapaketi kosungunuka ndi thukuta.

A Ebelesi sanakhudze n'komwe kasipuni kawo. Analanda sipuni yaikulu ya amayi ophika, n'kuthira zitatu m'kapu ya madzi, n'kuyamba kuwamwetsa pang'onopang'ono, akuwagwira chibwano.

"Mezani, a Filimoni. Mezaninso. Musandichititse manyazi."

Tinadikira. Munthu sankatsokomola n'komwe. Ine ndinkangoyang'ana kholingo lawo ngati likuyenda. Patapita mphindi ngati khumi, maso awo anabwerera. Anayang'ana anthu mazana atawazungulira, n'kuyang'ana pachifuwa.

"Wandivula tayi ndani?" Kenaka analawa m'kapu muja. "Koma tiyi uyu ngwabwino. Wapanga ndani?"

Anthu anaseka mpaka ena kulira. A Ebelesi anawapatsa banzi, n'kuitana a Steward kuti amange ng'ombe. Ngolo isanafike, anayang'ana mulu wa shuga pabenchi, n'kuyang'ana mpingo wonse mmodzimmodzi.

"Ndakuonani nonse," anatero.

Abusa anawapatsa mphindi zisanu kuti afotokoze za shuga wokwera ndi wotsika. Tinachita kuwakokera kungolo akulankhulabe.

M'ngolomo, tikupita kukiliniki, ndinafunsa a Ebelesi chimene ankativutitsira chonchi popanda malipiro.

"A Wadson, amuna anga, anaponda munga kumunda. Kabala kakang'ono chabe. Miyezi inayi tikuthira zitsamba, tikuloza anthu zala. Pofika kuchipatala chachikulu ku Chipata, mwendo unali utapita. Anaudula, koma sanakhalitse. Adokotala anati anali ndi shuga kwa zaka zambiri. Amake Misozi, pakanakhala munthu mmodzi yekha wondikalipira nthawi imeneyo, bwenzi ndili pabanja. Ndiye mudane nane, palibe kanthu."

Kuyambira pamenepo ankabwera kwathu Lachinayi lililonse kudzayang'ana mapazi a amuna anga, chala ndi chala, ngati akusankha nyemba. Ankakangana kuyambira pofika mpaka ponyamuka.

A Ebelesi anatisiya mu Febuluwale chaka chatha. Mvula inawapeza panjira akuchokera kokaphunzitsa kwa Mlolo, chibayo n'kuwagwira. Anagona kuchipatala masiku asanu, ndipo manesi akuti mpaka tsiku lachinayi anali akufunsa odwala anzawo zimene abale awabweretsera m'mabasiketi.

Pano kukiliniki kunabwera a Chithokozo, mayi wophunzira bwino zaumoyo, wa dipuloma yake. Amaphunzitsa mofatsa pansi pa mtengo wa mango, ndi zithunzi zokongola. Anthu amavomera kuti "inde, inde," n'kubwerera kwawo. Mwezi watha anaima pakantemba panga atatopa.

"Amayi, kodi a Ebelesi ankatani kuti anthu azibwera kudzayezetsa?"

"Ankatikwiyitsa, asisita. Munthu unkapita kuti akusiye."

"Zimenezo kukoleji sanatiphunzitse," anatero, ndipo tinaseka pang'ono.

Mudzi uli phee masiku ano, ndipo bata lake silikoma. Anthu awiri odwala shuga apita kale ku Chipata mochedwa.

Lachinayi likafika, a Filimoni amasamba mapazi okha, n'kukhala pakhonde atapinda thalauza mpaka m'mawondo. Sanena kuti akudikira ndani. Ine ndimatseka kantemba, n'kugwada, n'kuyamba kuyang'ana chala ndi chala. Sabata yatha ndinamaliza msanga, n'kunena kuti zonse zili bwino. Iwo sanatsitse phazi.

"Mwafulumira, amake Misozi. Apolisi aja ankayang'ananso pansi pa chidendene."