Mphatso Yofunda ya kwa Apongozi

Nkhani iyi mkazi wanga Esinati anandiletsa kuinena pagulu. Koma poti iye mwini amaifotokoza pachitsime ndi kukwaya komwe, n'kumathiramo mabodza ake, ndaona kuti ndiilembe ndekha. Manyazi ake ndi anga, bola ndiwagawe ndi dzanja langa.

Zinachitika kale, malo ano akutchedwabe Gemu Rizevu. Ine sukulu ndinalekera panjira, chifukwa aphunzitsi ndi ine sitinkamvana pa nkhani ya ndodo. Koma pakamwa pokha Mulungu anandipatsa, ndipo ndi pakamwa pomwepo pamene ndinapezera ntchito pa kamsasa ka ofufuza za nyama kufupi ndi Kakumbi. Bwana wake anali mzungu wowonda, tinkamutcha Magalasi. Iye ankafuna kudziwa zimene njovu zimadya. Njovu sungaifunse, ndiye ankafunsa ndowe zake.

Wonyamula ndowezo ndinali ine, Yotamu.

Anandipatsa basiketi ya waya yokhala ndi chivundikiro. Kunena zoona, inali basiketi yanzeru. Ndowe ukaziikamo kuthengo, sizitulukamonso mpaka mapeto. Ukafika ku labu, chipinda chopimira zinthu, umaipachika pasikelo. Ukatero umaiviika m'dilamu la madzi n'kumaigwedeza kuti zofewa zitulukire m'mabowo. Zotsalazo zimalowa mu uvuni ndi basiketi yomwe. Zikauma, Magalasi ankakhala pansi ndi kachitsulo kopanira, kusankha timitengo ndi makungwa, nkhope ili mwee ngati watola golide. Lamulo lake linali limodzi: "Fresh, Yotamu! Fresh!" Zogona sankazifuna. Ankafuna zofika zikufuka nthunzi.

Vuto la basiketi ya waya n'lakuti siisunga chinsinsi. Aliyense wokumana nawe amaona zimene wanyamula. Pomwe ine kumudzi ndinali nditalengeza kale kuti ndine wachiwiri kwa dotolo, wonyamula mankhwala.

Ndinalengeza choncho pa chifukwa. Ndinkafunsira Esinati, mwana wa a Sakala. Ankhoswe anga anali atakagogoda kale, koma mdalayo yankho sankapereka. Ankangoti, "Mnyamatayo pakamwa pake tapamva. Tikufuna tione manja ake." Ukwati wanga wonse unali lende, kudikira mutu wa a Sakala kuti ugwedezeke.

Ndiye ndinachita nzeru. Ndinapeza dengu latsopano lansungwi, ndinalowetsamo basiketi ya waya ija, pamwamba n'kuvundikira nsalu yoyera ya ku labu. Ndikaliika paphewa, anthu ankapatuka okha. "Mankhwala, mankhwala! Musayandikire!"

M'mawa wina ndinapeza katundu wabwino zedi, wa chimphongo chenicheni cha njovu. Ndinadzaza basiketi, kuvundikira, n'kudulira kanjira ka kumtsinje kuti ndikafike zisanazizire.

Ndikukhota pamtengo wa muwawani, maso anga pa apongozi! Amake Esinati enieni, akuchokera kotunga madzi, pambuyo pawo pali azakhali a Esinati, a Tiwonenji, mayi amene akanong'ona amamveka kutsidya la Luangwa.

Kwathu kuno mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi aakazi, ndipo salankhula nawo. Umapatuka, kunjuta, kuyang'ana kumbali. Thupi langa linachita mwambo mutu usanaganize. Dengu ndinatula pakati pa njira, ine jowu m'udzu, kunjuta kuseri kwa chitsamba, manja kuwomba phu phu phu.

Chimene ndinaiwala n'chakuti umu ndi momwenso mkamwini amaperekera mphatso. Amatula, n'kuchoka.

"Mayo ine!" anakuwa a Tiwonenji. "Mlamu, onani! Mkamwini watula!"

Apongozi anayang'ana kumtengo, n'kulankhula ndi mtengowo mwaulemu. "Auzeni kuti taona. Auzeni kuti zikomo."

"Akuti zikomo!" a Tiwonenji anakuwira chitsamba changa.

"Azakhali," ndinanong'ona, "azakhali, tabwerani kuno pang'ono. Izo ndi za ku ntchito."

"Mwamva, mlamu? Za ku ntchito! Za kwa azungu!"

A Tiwonenji anatula ndowa yawo, n'kugwira dengu kunsi. Maso anatuzuka.

"Chikadali chofunda! Buledi uyu, mlamu! Wangotuluka kumene mu uvuni!"

Apa munthu wanzeru akanangonena zoona. Koma ndikanalitchula bwanji liwu loti ndowe apongozi ali pomwepo? Komanso wachiwiri kwa dotolo akanathera m'chitsamba momwemo. Ndinayesa njira ina.

"Azakhali, n'zolemera. Lekani ndinyamule ndekha."

Ndinkati ndikangoligwira, liwiro.

"Aa! Mphatso yotula kale ibwererenso paphewa pa mwini wake? Mukufuna anthu atiseke?" Dengu linakwera pamutu pa a Tiwonenji, nthungululu n'kuyamba.

Ananyamuka. Ine pambuyo, patali, monga mwa mwambo. Panjira amayi ankatuluka m'nyumba kufunsa kuti kwagwanji. "Mkamwini wa a Sakala watula!" Gulu linkakula. Ndipo basiketi ya waya, monga ndanena, siisunga kanthu. Timadzi tabulauni tinayamba kudontha kunsi kwa dengu, kutsetsereka pakhosi pa azakhali.

Anapukuta ndi chala, n'kununkhiza.

"Mulinso ndiwo! Msuzi uwu!"

Ndinatseka maso kuti ndisaone ngati chalacho chipitirire ulendo.

Titafika, a Sakala anali pansi pa mtengo akusema mpini. Dengu analiika pamphasa patsogolo pawo. Ine anandikhazika pakampando kumapeto kwa bwalo, msana kwa apongozi. Esinati anasuzumira kuseri kwa nkhokwe, akumwetulira monyada. Kumwetulira kumeneko kunandipweteka kuposa chilichonse.

"Mwadzuka bwanji, a Yotamu?" anatero mdala.

"Ndadzuka, kaya inu, bambo."

"Lero ndiye mwatikumbuka."

"Bambo," ndinatero, "zimenezi n'zofunika kutsegulira m'nyumba. Muli nokha. Chitseko chotseka."

"Mwamva ulemu?" anatero a Tiwonenji. "Safuna kudzionetsera! Koma ayi, mwana wanga, chabwino chimaonedwa ndi onse."

Anagwira nsalu ija, n'kuisolola kuti kwapu!

Amayi ena anagwira mphuno. Nthungululu ya mayi wina inathera pakati ngati wailesi yatha mabatire. M'kati mwa waya wonyezimira munali mibulu ikuluikulu, yoyalana bwino, ikufukabe pang'ono. Ntchentche yoyamba inafika nthawi yomweyo, ngati inachita kuitanidwa.

A Tiwonenji anayang'ana chala chawo. Anayang'ana ine. Anapita kukasanza kuseri kwa khola.

Ndinasuzumira kunkhokwe. Esinati kunalibe.

Mumtima ndinati basi, finish. Kutula ndowe pakhomo pa apongozi, anthu akuona! Mlandu wake ngakhale ankhoswe anga akanaukana.

A Sakala anaika kasemasema pansi pang'onopang'ono.

"A Yotamu, mankhwala a dotolo aja ndi amenewa?"

Pakamwa panga, pamene panali pasanandigwiritsepo mwala chibadwire, panauma gwa. Chinatuluka ndi choonadi chokha.

"Ndi amenewa, bambo. Ine sindine wachiwiri kwa munthu aliyense. Ndimatola izi, ndimazitsuka, ndimaziyanika. Tsiku ndi tsiku."

"Ndi manja anuwo?"

"Ndi omwewa."

Mdala anatsegula chivundikiro cha waya. Anatola kamtengo, n'kuswa m'bulu umodzi pakati. Anawerama. Anaswa wina. Anakhala akuyang'anitsitsa mpaka ndinayamba kuganiza kuti akusankha woti andigende nawo.

"Mwazitola kuti?"

"Kudambo, bambo. Kuseri kwa munda uja uli ndi msasa wakugwa."

"Munda umenewo ndi wanga. Msasawo yagwetsa ndi njovu yomweyi. Yandithera maungu onse, ndi omwe tinasiyira mbewu." Anatokosanso ndi kamtengo, kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinkati ndi ukali. Kunali kuseka.

"Amake Esinati! Tabwerani muone! Maungu athu abwerera!"

M'ndowemo munali njere za maungu mbwee, zoyera, zathunthu, ngakhale imodzi yosweka. Apongozi anaiwala za mwambo, anagwada pamphasa n'kuyamba kutola, akuuza a Sakala osati ine: "Ndi aja a kwa amayi anga awa, a khosi lalitali! Ndinkati mtundu wake watha!" Amayi ena aja, omwe anali atagwira mphuno, anayamba kukankhana. "Mundigawireko ziwiri, anzanga!"

A Sakala anapukuta misozi.

"Anthu inu, ndadandaula kwa a Gemu oyang'anira nyama mpaka nsapato zinatha. Palibe anandibwezerapo ngakhale khoko la dzungu. Lero mnyamata uyu wailondola mbala, wailanda katundu, wabwera naye pakhomo akadali wofunda!" Anatembenukira kwa ine. "Kauzeni ankhoswe anu abwere Loweruka. Koma za udotolo zithere pompano. Munthu wosanyansidwa ndi ntchito mwana wanga sangamugoneke ndi njala."

Ndinawomba m'manja mpaka zikhato zinawawa.

Esinati anatulukira ndi madzi ndi sopo, n'kuziika patsogolo panga osandiyang'ana. "Musambe kaye, a dotolo," ananong'ona, "mpaka m'zigongono."

Basiketi anandibwezera itapepuka. Magalasi ataipachika pasikelo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Yotamu, njovu iyi yadwala?" Ndinati ayi bwana, yangolipira mlandu panjira.

Chaka chotsatira maungu aja anabereka ngati mitu ya mvuu. Tsiku loyamba kudya kwa apongozi monga mkamwini weniweni, anandiikira mbale yodzaza maungu omwewo. Ndikuti nditeme chidutswa choyamba, a Tiwonenji anakuwa ali kukhitchini:

"Idyani momasuka, mkamwini! Inu ndi njovu ndinu nokha mukudziwa njira imene anadzera!"

Phunziro langa ndi ili: kwa apongozi usapite chimanjamanja, koma usadzerekonso uli pa ntchito.