Chiphaso cha Mayi Namawanga

Kalekale, koma osati kale lenileni poti mabatire anali atafika kale m'magolosale, m'nkhalango ya Chisenjere munali wayilesi imodzi yokha, ndipo mwini wake anali Mfumu Mkango. Ukaitsegula m'mawa, unkamva Mfumu ikutsokomola. Masana kunkakhala nyimbo yoyamikira chifuwa cha Mfumu. Madzulo a Fisi, nduna ya zofalitsa nkhani, ankabwera kudzatambasula tanthauzo la chifuwa cha m'mawa chija. Sindikunama ayi, ambirife tinachotsa mabatire m'mawayilesi n'kuwaika m'matochi.

Mfumu yathuyi inali yokonda kuyendera nzika zake. Poti wayilesi yake panalibe woimvera, tinkangozindikira yatulukira. A Fisi ankatisonkhanitsa kuti tivine, ndipo gule akatha, mmodzi wooneka bwino m'thupi ankasankhidwa kukhala kazembe kudziko lakutali. Ankanyamuka tsiku lomwelo, osatsanzika, osatenga ndi kachikwama komwe. Ufumu wathu unali ndi akazembe ochuluka kuposa mayiko a pansi pano, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatumizako moni kwawo. Tonse tinkadziwa, koma ndani akanayamba kutsegula pakamwa?

Pamsika wa Pamkuyu panali nkhanga ina yogulitsa mawere, dzina lake Mayi Namawanga. Mwamuna wake nayenso anapatsidwa ukazembe chaka china, ndipo mayiyo anakapeza nthenga zake kuseri kwa chulu. Anafunsa kamodzi kokha kuti, "Kazembe wanji wopita kunja atavula zonse?" Ataona mmene a Fisi anamuyang'anira, sanafunsenso.

Koma mawu anali nawo mayi ameneyu, abale! Akati "Mawere apa!" ndi a Mvuu omwe ankamva ali pansi pa madzi. Ndiye anaganiza zotsegula wayilesi yake ya malonda, yoti ogulitsa azitsatsirapo katundu, ofedwa azilengezerapo maliro, ndipo osowana azipatsiranapo moni. Anagulitsa nkhokwe yake yonse, nagula makina akale, namangirira mlongoti pamwamba pa mlambe. Analemba ntchito a Nang'omba, aja a mawu okhuthala ngati ng'oma, kuti akhale muulutsi. Dzina analipeza kale: Wayilesi ya Mnansi. Chinatsala ndi chiphaso basi. Lamulo linkati woulutsa mawu popanda chiphaso alandidwe zida zonse, ndipo chuma chonse cha Namawanga chinali chitapachikika pamlambe paja.

Ziphaso ankapereka ndi a Nyani, wapampando wa Bungwe la Mafunde a Mumlengalenga, amene ofesi yawo inali kuphanga la pathanthwe.

"Mayi, mwachita bwino kubwera," anatero a Nyani akudzikanda m'khwapa. "Boma lino khomo lake n'lotsegula kwa aliyense. Mwaona nokha, chitseko palibe. Bwerani mawa."

Mawa lake anamuuza kuti abweretse kalata yochokera kwa mbalame zonse, yotsimikiza kuti mawu ake sadzaziwomba mapiko zikamauluka. Namawanga anayenda mtengo ndi mtengo mpaka kalata inapezeka. Atabwera nayo, a Nyani anagwedeza mutu mwachisoni.

"Chatsala n'chaching'ono, mayi. Tikufuna umboni woti munaulutsapo mawu m'mbuyomu. Sitingapereke mlengalenga kwa wophunzira kumene."

"Nanga si kuulutsa popanda chiphaso ndi mlandu, bwana?"

"Mlandu waukulu zedi."

"Ndiye umboniwo ndiutenga kuti?"

"Funso labwino kwambiri," anatero a Nyani. "Tikhazikitsa komiti."

Mvula inagwa, inakata, udzu unauma. Namawanga akafunsa za fayilo yake, yankho linali limodzi: "Ili m'manja mwa a Chiswe kuchipinda chosungira mafayilo, akuigwirira ntchito usana ndi usiku." Ndipo pamenepo pokha a Nyani ankanena zoona.

Mayi uja zinamukwana. Tsiku lina anasenza dengu lake la mawere, nakalitula pakhomo penipeni pa phanga la a Nyani, n'kuyamba malonda. "Mawere apa! Mawere apa!" Phanga linkabweza mawu aja kawirikawiri, mwakuti a Nyani akati agone pang'ono masana, monga mwa ntchito yawo, mutu unkachita ngati ung'ambika.

"Mayi, chonde, kuno ndi kuofesi!"

"Pepani bwana, ndikudikira fayilo. Poti ndilibe wayilesi, nditsatsa ndi pakamwa pomwepa. Mawere apaaa!"

Sabata isanathe, komiti ija inapezeka, ndipo Namawanga anaitanidwa kukaonekera. A Fisi anabwera okha, atavala jekete lothina pamimba.

"Ufulu wolankhula," anayamba motero a Fisi, "ndi mwana wathu wobereka tokha. Boma lino limaukonda ufulu umenewu kotero kuti timausunga m'nyumba, kuopa ungatayike. Tsono mayi, pawayilesi yanuyi muzidzanenapo chiyani?"

"Mitengo ya pamsika, bwana. Mauthenga a maliro, moni, ndi nyimbo za gulu la a Chule."

"Ndale?"

"Ndale ndingazidziwire kuti ine wa mawere?"

A Fisi ananyambita milomo. Anaona kuti wayilesi yotere nyama iliyonse idzaimvera, pamene ya Mfumu inkangolankhula yokha. Ndipo chinkawadandaulitsa masiku amenewo n'chakuti Mfumu ikatulukira pamudzi inkapeza nyama zochepa, zina zili kumunda, zina kumadzi, mwakuti posankha kazembe ankangotola zoonda.

"Tikupatsani chiphaso chongoyembekezera," anatero. "Pofika nthawi yokolola, Mfumu idzagamula yokha ngati mupitirize kapena tikagwetse mlongoti uja. Koma pali lamulo limodzi. M'mawa uliwonse muzilengeza ulendo wa Mfumu, kuti nyama zizikonzeka ndi kukhamukira kokailandira."

Namawanga anaweramitsa mutu. "Tizitchula ndi mudzi womwe, bwana?"

"Mudzi, njira imene idzere, ndi nthawi yofika."

"Nanga mayina aulemu a Mfumu? Paja ndi ambiri."

"Onse! Mukadzasiyako limodzi, chiphaso chapita."

Potuluka, a Nang'omba anali atakwiya, khosi lawo lofiira litafufuma. "Mayi, mwatigulitsa. Tavutika chaka chathunthu kuti tikhale lipenga la a Fisi?"

"Achimwene," anatero Namawanga akuyenda monyang'wa, "wakutsina khutu ndi mnansi. Inu muzikangowerenga bwinobwino, mosathamanga."

Wayilesi ya Mnansi itatsegulidwa, mabatire anabwerera m'malo mwake. Ndani akanafuna kuphonya mtengo wa mawere, kapena moni wa a Gwape wopita kwa chibwenzi chawo kutsidya? Ndipo dzuwa likangotuluka, mawu a a Nang'omba ankagunda nkhalango yonse:

"Tcherani khutu, nzika zokondedwa. Lero Mwini Nthaka ndi Mitambo, Mtsinje Wosaphwa, Mthunzi wa Otopa, Tate wa Ana Amasiye, Dzino Loyera, Iye Amene Akayasamula Mphepo Imaima, Mfumu Mkango, ayendera mudzi wa Kumatope. Adzera njira ya kumsangu, ndipo afika dzuwa lili pamutu. Konzekani. Tabwereza, konzekani! Uthengawu akupatsirani ndi a Njiri ndi Ana Awo, akatswiri okumba mauna a makomo awiri."

Ha! Nyama zinakonzeka ndithu. A Nang'omba akamafika pa Mthunzi wa Otopa, amayi anali atabereka kale ana. Akamati Dzino Loyera, mudzi wonse unali utawoloka dambo. Mfumu itafika ku Matope dzuwa lili pamutu monga mwa chilengezo, inapeza zii, kupatula mawayilesi okolekedwa m'mitengo amene ankabwereza mayina ake.

Mawa lake zinali chimodzimodzi ku Mchenga, mkuja wake ku Mapanga. Malonda a a Njiri anakwera mpaka analemba aganyu. A Mbawala anayamba kutsatsa maphunziro a liwiro kwa okalamba. Ife tinanenepa, tinavina magule athu popanda wotisankha, ndipo kwa nyengo yonseyo ufumu sunatumize kazembe ndi mmodzi yemwe. Koma Mfumu inayamba kuoneka nthiti.

Nthawi yokolola itakwana, Namawanga anaitanidwa kubwalo la Mfumu. Kunena zoona mayi uja anachita mantha, poti ankadziwa kuti mawu amodzi okha a Mkango akanatha kugwetsa mlongoti ndi iye yemwe. A Fisi anaimirira, jekete lija likadali lothina, paja iwo anali ndi nkhokwe ya mafupa a akazembe akale.

"Mfumu yanga, wayilesi iyi itsekedwe lero lomwe! Ikusokoneza chitetezo, ikubalalitsa nzika, ikuononga chikondi cha pakati pa Mfumu ndi anthu ake."

Mkango unatembenukira kwa Namawanga. "Ukuti bwanji, mayi?"

"Tate wa Ana Amasiye," anatero Namawanga atagwada, "ngati tinasiyako dzina lanu limodzi, ndilangeni. Ngati tinalakwitsa njira kapena nthawi, gwetsani mlongoti. Ife tinangochita zimene boma linatilamula."

"Sanasiyeko," unatero Mkango, nkhope ikuwala. "Ndimamvera ndekha tsiku lililonse. Pamene pamandigwira mtima ndi paja amati Akayasamula Mphepo Imaima. Wayilesi yanga ija sinkatchula mokoma chonchi. Lero ndi mitengo yomwe ikuimba mayina anga." Pamenepo m'mimba mwa Mfumu munalira ngati bingu lakutali, ndipo tonse tinayang'ana kumwamba ngati tikufuna mvula. "Koma nzika zanga zimakhala zili kuti ndikafika?"

"Ndi ulemu umenewo, Mfumu," analowererapo a Nyani mofulumira. "Zimaona kuti sizoyenera kupuma mpweya umodzi ndi inu, ndiye zimakusiyirani mudzi wonse."

"Ulemu ndi wabwino," unatero Mkango pang'onopang'ono, "koma sakhuta. Kodi nzeru yolengeza maulendo angayi anayambitsa ndani?"

Chala cha a Nyani chinali chitaloza kale a Fisi funso lisanathe. Mkango unawayang'ana a Fisi nthawi yaitali, kuyambira pakhosi mpaka pamene batani la jekete linkavutikira. Kenaka unaponda chiphaso ndi dzanja lake lonse, chidindo cha ufumu chimenecho, n'kuchipereka kwa Namawanga.

"Wayilesi ipitirire. Mfumu singakhale yopanda mayina. Bwalo latha."

Namawanga anauluka mpaka pamlambe chiphaso chili kukamwa, ndipo tsiku limenelo a Chule anaimba mpaka mawu anasasa.

M'mawa mwake uthenga wa ulendo unafika kuchokera kunyumba ya Mfumu monga mwa masiku onse. A Nang'omba atauona anatseka maikolofoni, nayitana mwini wayilesi.

"Mayi, taonani kumene ikupita lero. Bwanji tingoika nyimbo? Paja ndi omwewa anasankha amuna anu kukhala kazembe."

Namawanga ankawada a Fisi, ndipo sanabise, nthenga za kuseri kwa chulu zija anali asanaziiwale. Koma anapukusa mutu.

"Tikadumpha lero, mawa ndani adzatikhulupirire? Chiphaso chikuti ulendo uliwonse. Werengani, achimwene, ndipo mayina onse."

A Fisi anali pakhonde akutsuka mano pamene wayilesi yawo inayamba: Mwini Nthaka ndi Mitambo, Mtsinje Wosaphwa, ndi ena onse aja. Ankangogwedeza mutu mwaulemu mpaka anamva kuti, "lero ayendera nduna yawo yokhulupirika, a Fisi, kunyumba kwawo, kukakambirana za mpando wa ukazembe umene wakhala wopanda mwini nthawi yaitali. Adzera njira ya kuchigwa. Konzekani!"

Amene anaona amati a Fisi anathawa mswachi uli m'kamwa, jekete n'kutsala pachitsamba cha minga. Mfumu itafika inapeza chitseko chili pululu, wayilesi ikulira pakhonde. Inakwiya, inabangula, koma poti a Nang'omba anali atayambanso kubwereza mayina aja, inakhala pansi kuti imve mpaka kumapeto.

Patapita masiku, papologalamu ya moni, Namawanga anatenga maikolofoni yekha, mawu ake akumveka kuti akudziletsa kuseka.

"Moni uyu wachokera kwa womvera wathu wokhulupirika, a Fisi, amene ali kutsidya la mapiri. Akuti afika bwino, kumeneko wayilesi ikumveka bwino lomwe, ndipo akupempha boma kuti lisadzayerekeze kuitseka. Zikomo bwana. M'mbiri yonse ya Chisenjere, ndinu kazembe woyamba kutumiza moni kwanu."