Voti ya mkamwini wothamangitsidwa

Lolemba

Mphepo ya Ogasiti. Fumbi m'kamwa, fumbi m'maso, fumbi m'girisi. Njinga zobwera kudzakonzetsa pansi pa mtengo wanga pano pamsika wa Katete n'zochepa, anthu onse ali pambuyo pa magalimoto a kampeni, kulimbirana zitenje.

Lachinayi ndi chisankho. Ine ndivota, ndipo ndikavotera kutali: kuseri kwa Vubwi, pasukulu ya m'mudzi wa amake Tiyamike. Kumeneko ndiko ndinalembetsa ndili mkamwini, ndikulima munda wa apongozi. Kadi ikunena choncho, ndipo kadi sidziwa kuti banja linatha.

Kunena zoona, za makhansala ndi aphungu ndilibe nazo ntchito. Ndikufuna kuona mwana wanga. Ndinamusiya akuphunzira kumene kulankhula, pano ayenera kuti ali pafupi kuyamba sukulu. Tsiku limene ndinapempha chitengwa, kuti nditenge mkazi ndi mwana tikakhale kwathu, alamu anga a Yesaya, atsibweni ake a mwanayo, anandiikira mphasa ndi pampu panja. Mawu awo sindinawaiwale: "Tambala akatha ntchito satenga anapiye. Mukadzapondanso muno, mudzakhale ndi chifukwa."

Chifukwacho ndachipeza. Boma lenilenilo likundiitana m'mudzi mwawo, ndi dzina langa, ndi chithunzi changa. A Yesaya akaletse boma tione.

Dongosolo:
kuvota m'mawa;
kupita kunyumba kwa apongozi, chala cha inki chili poyera;
kukhala pansi mwaulemu, kupempha madzi akumwa;
wobweretsa madziwo akhale Tiyamike.

Zotenga: reji yanga ya unzika, kadi ya voti, shati yoyera ija, sopo wa apongozi, mabanzi a mwana.

Ulendo ndi wa Lazaro wa njinga yamoto. Nayenso ukamwini unamulavula cha komweko, kadi yake ndi ya sukulu yoyandikana nayo. Akuti tinyamuka Lachitatu. Ndamupempha aimbire mlongo wake wokwatiwa kumeneko, akawauze apongozi kuti ndikubwera kudzavota. Mkamwini satulukira ngati mvula.

Lachiwiri

A Jafali, a sitolo yoyang'anizana ndi mtengo wanga, chiyambire m'mawa ndale zokhazokha. Amadziwa dzina la woimira aliyense, mkazi wake, ndi kumene anaba. Iwowo savota, anabadwira ku Malawi. "Ndikanakhala ndi kadi ine, dziko lino likanawongoka kale." Odziwa zinthu alibe makadi, ife a makadi sitidziwa kanthu.

Ndakhala ndikufunsa obwera ndi njinga, kufuna kumva ngati alipo wina wopenga ngati ine.

Wa chubu chophulika: "Ndinavota ulendo watha. Feteleza anabwera chimanga chitamasula."

Mayi wa masipoko: "Kadi yanga ili kwa tcheyamani wa kopaletivu. Anatolera a tonse, ati akawerenge. Akuwerengabe."

Wa dimba: "Ndikaime pamzere tsiku lonse, repu wanga athirire phungu?"

Mkulu wa mpingo: "Mafumu amaika ndi Mulungu." Koma mtolo wa chinangwa pakaliyala wamanga ndi zitenje ziwiri, za zipani ziwiri.

Dzuwa litapendeka, Lazaro. Waima patali, injini osazimitsa. Ndadziwiratu. Akuti Lachinayi ndi tsiku la ntchito, zipani zonse zikufuna njinga zonyamula nkhalamba kupita nazo kovotera, iye sangasiye zimenezo n'kukadya fumbi la ku Vubwi. "Iwe, voti imodzi isintha chiyani? Ndiponso mlongo wanga ati kumene kuja kuli zii, olo posita imodzi kulibe." Ndamuyankha kuti zili bwino, mzere ukhala waufupi.

Uthenga wokha akuti unafika. Apongozi anangoti, "Ayambe adzera kuno kunyumba." Ndiye kuti akundiyembekeza! Mayi amene uja sanandidepo. Sitinayang'anizanepo m'maso chikwatirireni, monga mwa mwambo, koma m'mbale yanga munkapezeka nthuli yobisika pansi pa masamba.

Koma zoyambira kunyumba, iyayi. Popanda inki a Yesaya andifunsa chifukwa, ndiwaonetsa chiyani? Kusukulu kaye.

Lachitatu

Lole ya chipani. Akuti inyamula ulere aliyense wolembetsa kutali, bola avale shati yawo. Ndavala. Ndi yaikulu, chibwano cha woimira wojambulidwa pashatipo chikundifika m'mawondo. Ndakhala pasiteshoni chitulukire dzuwa, ine ndi njinga yanga. Lole yabwera, ya ku Sinda. Yabweranso ina, ya ku Sinda. Ndafunsa mkulu wa chipewa wokweza anthu za ife a ku Vubwi. Wandifunsa mudzi. Nditautchula waseka. "Kumeneko? Tinapitako, ndi mpando womwe sanatipatse. Mafuta sitingatayire kumeneko. Vulani shati."

Ndavula, amayi a tomato akuonerera.

Chipani chinacho chili ndi mashati koma chilibe lole.

Masana ndapeza kanta, galimoto ya katundu, yopita kukanyamula soya ku Vubwi, yodzera ku Chadiza. Njinga pamwamba pa matumba opanda kanthu, ine pambali pake, handulo ili m'nthiti. M'kantamo tilipo angapo, wokavota ndine ndekha. Mayi wina akupita kukagula nsalu ku Mozambiki poti mawa ndi holide. Bambo wina wa kumalire akuti ali ndi makadi a maiko awiri ndipo savota konsekonse: "Uku boma, uko boma, ine pakati ndikumwera chitsime chimodzi ndi ng'ombe."

Mabanzi wawakhalira munthu. Aphwatalala ngati zitumbuwa. Ndadya ophwanyikitsitsawo kuti otsala aoneke bwino.

Tafika pa Vubwi dzuwa likulowa. Pogona ndi pakhonde la wokonza njinga mnzanga. Sitidziwana, wangoona manja anga n'kundiyalira katoni. Shati yoyera ija ndi yofiira tsopano, ndaikutumula mpaka mkono kuwawa.

Mawa ndimuona Tiyamike.

Lachinayi

Ndikulemba nditakhala m'mbali mwa msewu.

M'mawa zonse zinali bwino. Ndapalasa kusanatenthe. Pamtsinje wa kufupi ndi mudzi mlatho udakali chigwere, zitsulo zili m'mwamba ngati nthiti za ng'ombe yakufa. Ndawoloka pamchenga, njinga paphewa. Mwezi uno madzi kulibe.

Pamphambano, pamene njira ina imapita kusukulu ina kumudzi, ndaona munthu waima. Duku lakuda. Apongozi.

Banja linatha koma ulemu sunathe. Mkamwini sakumana ndi apongozi panjira, ndinaleredwa ine. Ndatsika njinga, ndalowa m'tchire. Ndikumva akuitana, "Atate ake a Tiyamike! Atate ake a Tiyamike!" Ndati mumtima, taonani mayi waulemu, akundidziwitsa kuti ali panjira kuti ndipatuke bwino. Ndalowerera m'kati. Chitedze m'khosi. Ndazungulira mtunda wonse, ndatulukira kuseri kwa zimbudzi za sukulu, ndikudzikanda ngati galu.

Pasukulu mzere palibe. Mbuzi pakhonde. Wapolisi akusenda nzimbe. Oyendetsa chisankho, aphunzitsi ochokera kwina, aimirira onse ngati kwabwera nduna. Dzina langa alipeza msanga. Mayi wopaka inki wati, "Bambo, mwatichotsa manyazi." Ndamva kukoma, chitsiru ine. Ndamupempha apake yambiri, izioneka patali.

Mapepala anayi. Pa la makhansala nkhope yodziwika palibe ndi imodzi yomwe. Ndachonga wa jekete looneka bwino.

Potuluka ndaona anthu. Aima patali pansi pa mango, amuna ndi akazi, manja kumbuyo, kungoyang'ana khomo la sukulu. Ena ndinalima nawo, ena ndinakumba nawo manda. Ndawakwezera chala. Palibe wayankha.

A Yesaya andipeza ndisanafike pabwalo la nyumba. Sanakalipe, bola akanakalipa. Ayang'ana chalacho, kenaka andiuza. Esinati, mng'ono wa amake Tiyamike, anamwalira dzinja lapitali, pangolo, pagombe la mtsinje womwe uja. Nthawi yake yochira inakwana madzi atasefukira, chipatala chili tsidya lina. Iye ndi mwana yemwe. Pamanda mudzi wonse unapangana: mlatho umene amalonjeza chisankho chilichonse usanamangidwe, pano palibe wovota. Bokosi la mavoti libwerere lopanda kanthu, olonjezawo akachite nalo manyazi.

"Pamaliro simunabwere. Lero mwabwera, mwayambira kwa iwowo."

Ndati sindinamve za maliro. Ati, "Mayi akhala pamphambano chiyambire m'mawa."

Esinati ndiye ankandisungira madzi osamba ndikachedwa kudimba. Ndimafuna kulira pomwepo, manyazi atsekereza.

Tiyamike ndamuona. Anali pafupi ndi mtondo, watalika, mano akutsogolo anaguluka. Wandiyang'ana nkhope, wayang'ana chala, wathamangira m'nyumba: "Agogo, kwabwera a voti aja!"

Madzi sanabwere. Sopo ndi mabanzi ndasiya pachitsa, kaya wina watola mbuzi zisanafike.

Lachisanu

Kanta kulibe, madalaivala onse amatirira pawayilesi. Ndapalasa mpaka pa Chadiza. Khosi likuyabwabe.

Mu basi ya ku Katete aliyense maso pachala changa. Kondakitala: "Bwana, mwavotera ndani?" Sindikukumbuka ndi nkhope yomwe, jekete lokha. Wina kumbuyo akuti amene savota asadzadandaule. Wina akumuyankha kuti iye wavota kuyambira unyamata wake ndipo akudandaulabe, kusiyana kwake sakukuona. Akangana mpaka tafika. Ine dzanja m'khwapa.

Zoyesa kuchotsera inki:
mchenga;
ndimu;
palafini;
sandipepa yanga yopalira chubu.

Chala chatupa, inki ili pompo. Pa zinthu zonse zimene boma linandipatsapo, cholimba ndi chimenechi.

Loweruka

Pansi pa mtengo. A Jafali atuluka m'sitolo, andikumbatira. "Nayi nzika! Munthu wapita mpaka kumalire kukavota, inu a pano mwalephera kuwoloka msewu." Andipatsa tiyi waulere, akundikweza dzanja kuonetsa aliyense wodzagula mchere. Tiyiyo wandikanika.

Pawayilesi yawo katswiri wina wa ku Lusaka akufotokoza chifukwa chake m'madera ena anthu sanatuluke. Akuti ndi kusaphunzira, anthu akumidzi sadziwa kufunika kwa voti. Ndikanakonda kumukweza pangolo katswiri ameneyu, ndikamuimike pagombe paja mwezi wa mvula.

Lazaro wabwera, ulendo uno wazimitsa injini. Mlongo wake waimba. Chilandirireni uthenga wanga, apongozi anakhala akuwanyengerera a Yesaya mpaka anavomera: ndikayambira kunyumba, ndikapepesa maliro, mwana ndimuone, ndipo pa holide ya sukulu adzabwere adzaone Katete. Atate ake ndi atate ake, anatero mayiwo. Ndicho anaimira pamphambano. Munthu wa msinkhu umene uja anaphwanya mwambo, anaitana mkamwini panjira ndi pakamwa pake, ine ndikuthawira m'chitedze kuwapatsa ulemu.

Ndipo bokosi lija silinabwerere lopanda kanthu. Wa m'mudzimo amene anaponyamo pepala ndi mmodzi yekha, ine, amene sindine wa m'mudzimo.

Za Esinati Lazaro akuti anamva kalekale, ankayesa ndikudziwa. Ankayesa. Ndamuuza achoke ndisanamugende ndi sipanala.

Njinga ya munthu ndaimanga tayala chammbuyo. Ndamasulanso.

Lamulungu

Kutchalitchi abusa athokoza Mulungu chifukwa cha chisankho chamtendere. Mtendere ulipodi. Ndaimba nyimbo zonse dzanja lili m'thumba.

Kumsewu waukulu mahutala, mluzu, zitenje m'mwamba. Wapambana wapambana. Kaya ndi wa jekete uja, sindikudziwa.

M'mawa ndinatumiza mawu kudzera kwa mlongo wa Lazaro: pepani maliro, pepani zonse, nditchulireni tsiku ndibwere ndidzagwade. Yankho lafika masana, la a Yesaya, lalifupi: "Amabwera boma likawaitana. Adikire liwaitanenso."

A Jafali akuti kalembera akadzayamba ndikasinthitse kadi, ndizivotera pano pa Katete ngati munthu. Sindisintha. Padziko lonse pepala lonena kuti ndine wa kumudzi kwa mwana wanga ndi lomweli. Ndalikulunga m'pulasitiki, ndalisomeka kudenga.

Zaka zisanu. Tiyamike adzakhala ali pafupi kutha msinkhu. Ndidzapita, ndikudziwa kale kuti ndidzapita. Koma mlatho ukadzakhala udakali chigwere, mudzi sudzavotanso, ndipo ine pamphambano paja ndidzalowera kuti? Ndikapanda inki, a Yesaya adzandifunsa chifukwa. Ndikakhala nayo, n'zomwe ndaziona.

Ndiye ndagwada pamphasa, ine amene za makhansala ndinalibe nazo ntchito. Ndapempherera amene wapambana kumeneko, kaya dzina lake ndani, kaya ndi wakuba, kuti Mulungu amugwire mtima akamange mlathowo mwana wanga asanakule.