Mphepo ya ku Kepi itafika pa Mbulumbuzi

Mpaka lero pali amayi ena pa Mbulumbuzi amene akandiona ndikubwera amayamba ayang'ana kumwamba, kenako n'kundifunsa ngati angayanike ufa. Ndimangoseka nawo. Zimene ndinawachita m'masika apitawa si zoiwalika msanga.

Amuna anga, bambo a Tiyamike, ali ku Joni, mumzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere womwe timangouti ku Kepi. Amagwira ntchito m'boti lopha nsomba. Anachoka Tiyamike akukwawa, pano mwanayo ali ku mkombaphala ndipo bambo ake amawadziwira pa chithunzi. Akalowa m'nyanja amatha masiku anayi, mwina asanu, foni osagwira. Ine nyanjayo sindinaionepo (madzi aakulu amene ndimawadziwa ndi a mtsinje wa Mombezi ukadzaza), koma ndimagona nayo ndi kudzuka nayo.

Amalawi a m'maboti kumeneko ali ndi gulu lawo pa foni. M'mawa uliwonse bambo wina wachikulire, Che Saidi, amamvera zanyengo pa wailesi n'kutumiza mawu m'gulumo, kumasulira anzawo m'Chinyanja. Ndinachonderera amuna anga mpaka anandilowetsamo, atandilumbiritsa kuti ndizingomvera. Kuyambira pamenepo ndinayamba kudziwa mphepo za dziko la eni kuposa za pakhomo panga. Che Saidi akati lero nyanja yagona, ndinkapita kumunda ndikuimba. Akati mafunde ndi aatali, ndinkapsereza ndiwo.

Chaka chino abwana awo anawapatsa tchuthi. Tikiti ya ndege inagulidwa, tsiku lake Lachisanu, sabata yachiwiri ya Epulo. Ndinazira nyumba, ndinakalukitsa tsitsi ku Boma, ndipo Tiyamike ndinamuphunzitsa kugwada popereka moni mpaka mawondo ake anachita mbuu.

Lolemba la sabata imeneyo ndinapita kuchigayo. Magetsi anali atazima, ndiye tinangokhala pakhonde amayi ambirimbiri, aliyense atatsamira thumba lake. Foni inalira. Ndinatsegula mawu a Che Saidi osatsitsa voliyumu (sipika ya foni yanga ndi yolalata ngati ya wogulitsa mankhwala a makoswe).

"Abale anga, nyengo yasintha kuno kwathu, tikulowera kozizira. Kuyambira Lachinayi kukubwera chimphepo choopsa ndi mvula yamphamvu masiku atatu. Maboti onse asalowe m'madzi. Ndege nazonso mwina siziuluka. Mangani zinthu zanu, dzisamaleni."

Ine pa zonsezo ndinangomva mawu amodzi, a ndege. Misozi inangotsika yokha. Abiti Yusufu, mnansi wanga amene nyumba yake inagwa ndi namondwe wa zaka zapitazi, anandigwira dzanja.

"Mayi a Tiyamike, zimenezi n'zoona?"

"Bambo amenewa sanalakwitsepo," ndinatero ndikusisima. "Akanena Lachinayi, ndi Lachinayi."

Wina kumbuyo anafunsa kuti maboti ake ati, mnzake n'kumuyankha kuti a ku Chilwa, nanga ena ati. Ndinamva ndithu, koma zinangodutsa. Ndinasenza thumba langa losagayitsa n'kubwerera kunyumba kukalira bwino.

Lachiwiri ndinaona anthu ali pikitipikiti m'minda, kukolola chimanga. Ndinadabwa pang'ono, poti chinali chisanaume, koma ndinangoti chaka chino anthu aopa akuba. Masana ake ndinakumana ndi bambo wina wa kabaza atanyamula miyala yotsendereza malata, iye n'kundiuza kuti a zanyengo alengeza namondwe wina, woposa woyamba uja, ndipo ku Chileka ndege zaimitsidwa kale.

Apa ndiye pamene pali manyazi anga enieni. Ndinakhulupirira.

Ndinaganiza kuti tsoka landitsata mbali zonse, mphepo ku Kepi, namondwe kuno. Ndinathamangira kwa apongozi anga, amayi awo a bambo a Tiyamike, amene amakhala kutsidya kwa msewu.

"Amayi, mwamva? Tiyeni tikachotse chimanga chisanapite ndi madzi."

"Ndamva, mwana wanga. Koma kumwambaku bwanji kuli mbee?"

"Namondwe sachenjeza, amayi."

Tinakolola munda wonse wa apongozi Lachiwiri ndi Lachitatu, ine patsogolo ngati kapitawo. Chimanga china chinali chikadali chofewa choti ukachitsina chimatuluka mkaka. Ndinkalimbikitsanso odutsa m'njira kuti asazengereze. Abiti Yusufu anatenga ana ake ndi mbuzi ziwiri kupita kwa achimwene ake ku Njuli. Mabanja atatu a kumunsi kwa phiri anasamutsira mphasa ndi ziwiya ku sukulu.

Lachinayi kunacha bwinobwino. Dzuwa linawala tsiku lonse, tsamba la nandolo osagwedera ngakhale limodzi. Lachisanu chimodzimodzi. Madzulo ake tinakhala pabwalo la apongozi, amayi asanu ndi mmodzi, tikusenda chimanga chonyowacho, ndipo nkhani inayamba yofufuza kumene mphekeserayo inachokera. Uyu anati anamva kwa wa kabaza. Wa kabaza akuti anamva kwa mkazi wake. Mkazi wakeyo anamva kumsika, kwa amayi ogulitsa tomato.

"Koma gwero lake ndi kuchigayo," anatero mayi wina. "Akuti kunali mzimayi amene ali ndi m'bale wake ku ofesi ya zanyengo. Anatsegula foni anthu onse akumva, iye mwini n'kumalira ngati pamaliro."

Chimanga chimene chinali m'manja mwanga chinagwa. Ndinayesa kuganiza ngati panali mzimayi winanso amene analira kuchigayo Lolemba (ndinayesetsa ndithu, ndinafufuza nkhope imodziimodzi). Panalibe.

"Amayi," ndinatero chapansipansi, "mzimayiyo ndine."

Ndinafotokoza zonse, za gulu la asodzi, za Che Saidi, ndi kuti kwathu kumene ankanenako ndi kwawo kwa ku Kepi. Apongozi anayang'ana mulu wa chimanga, anayang'ana ine, anayang'ananso chimanga.

"Ndiye kuti mphekesera yako yomwe inazungulira mudzi n'kukupeza, iwe osaizindikira?"

"Inali itanenepa, amayi."

Amayi enawo anaseka mpaka wina anagona chagada pamakoko. Apongozi sanaseke. Chimanga chimenecho chinali chakudya chawo cha chaka chonse, ndipo china chinayambadi nkhungu. Masabata atatu otsatira ndinkalawirira kwawo kukachiyanika, kuchitembenuza masana ndi kuchilowetsa madzulo. Tinapulumutsa chochuluka, koma dengu lathunthu linapita ku nkhumba za aneba.

Kovuta kwambiri kunali kwa Abiti Yusufu. Iye sanathawe mwamasewera. Namondwe woyamba uja anamupeza m'nyumba ndi ana, khoma likugwa. Nditamva kuti wabwerako ku Njuli, ndinapita n'kukagwada pakhomo pake. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatha mawu.

"Masiku atatu sindinadye," anatero. "Kamphepo kakangowomba, mtima kuti phaa."

"Ndikhululukireni, anzanga."

"Dzukani, mudetsa chitenje. Amuna anga ali ku Nampula chaka chachiwiri tsopano. Mukuganiza kuti sindidziwa? Thupi limakhala pano, makutu ali kwina." Kenako anati, "Nanga anuwo abwera?"

Sanabwere. Che Saidi sanalakwitse: chimphepo chinafikadi ku Kepi Lachinayi lomwelo, chinasasula madenga, ndipo ndege ya Lachisanu sinanyamuke. Pamene mphepo inkaleka, boti linali litataya masiku ambiri, abwana n'kunena kuti tchuthi chidikire nyengo yozizira ithe. Amuna anga anandiimbira Lamulungu ali padoko. Nditawauza zimene ndinachita, anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinamva akufotokozera anzawo, nawonso n'kuphulika. Kenako anandifunsa.

"Ndiye unalira pagulu chifukwa cha ine?"

"Ndinalirira ndege," ndinatero.

Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka mbalame zolira ngati ana, ndi madzi akumenya chinachake mobwerezabwereza. Ndinawapempha kuti asalankhule kaye, angokweza foni m'mwamba. Anatero. Ndinakhala pamwala kuseri kwa nyumba, tsitsi langa lolukitsa lija litayamba kale kusomoka, ndikumvetsera nyanja mpaka mayunitsi anatha.

Anthu amandifunsa ngati ndinatolapo phunziro. Apongozi anandilamula kuti ndituluke m'gulu la asodzi, ndipo ndinatulukadi, iwo akuona. Ndinapirira masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, ndinakagula timawaya tomvetsera m'makutu, ndipo pobwerera ndinatumiza uthenga kwa bambo a Tiyamike kuti andibwezeremo mwakachetechete. Akuti abwera mu Okutobala. Za mphepo ya mwezi umenewo ndafunsa kale, koma sindiuza munthu.