Tsiku Limene Tchalitchi Chonse Chinanditembenukira

Nkhani iyi amuna anga amaikamba mothira mchere, ndiye bola muimve kwa ine mwini manyazi.

Tinali titangokhala miyezi yochepa ku South Bend. Sukulu ine ndinalekera Standard 7, moti Chingerezi changa chinali cha mu shopu basi: thank you, sorry, no bag. Pagulu ndinkatseka pakamwa n'kumaonera ena, ndipo ndinali nditatsimikiza mumtima kuti azungu sadzamva lilime langa likupunthwa.

Weekend ina ndinapita ndi mwana wanga Yankho kukacheza kwa alamu anga a Chisomo, achemwali a bambo a mwanayu, omwe ndi namwino ku Lawrence. Lamlungu masana ananditengera ku tchalitchi china chamiyala mu Indianapolis, kumene gulu lina linkaonetsa mmene anthu akumidzi ku England ankaimbira m'matchalitchi kalekale. Alamu anandilangiza kuti ndizingochita zimene ena akuchita. Iwo anakakhala kutsogolo ndi anzawo, ine ndinasankha benchi yomalizira, pafupi ndi khomo, kuti Yankho akalira ndithawe naye.

Bambo wina wovala jekete lalitali lachikale anaima kutsogolo n'kuyamba kufotokoza. Ndinatolapo mawu owerengeka: village, sheep, shoemaker, violin. Mkatimo munali mofunda, mwana atagona pachifuwa, kuwala kukulowera pa magalasi obiriwira. Maganizo anga ananyamuka. Ndinaona kamudzi kokutidwa ndi nkhungu, nkhosa zikudya msipu kuseri kwa tchalitchi, osoka nsapato akupukuta manja n'kunyamula ma violin awo, akazi akutsata kanjira kamatope. Nanenso ndinali pomwepo, mu diresi lokwekwera pansi, ndikulankhula Chingerezi chosalala ngati mafuta.

Ndinadzidzimuka mabenchi atalira. Anthu onse anali ataimirira. Kenako onse pamodzi anatembenuka, misana kuguwa, nkhope kwa ine.

Kwathu ku Ntcheu mpingo ukatembenukira kumbuyo chonchi, tanthauzo lake ndi limodzi: mlendo adzitchule. Ine sindinaleredwe mwamwano. Ndinaimirira, mwana paphewa.

"My name is Esnart. I am come from Malawi."

Kutsogolo kuja alamu anatong'ola maso n'kuloza chala m'mwamba. Ndinamva kuti akuti ndikweze mawu, ndipo ndinakwezadi. Ndinatchula mudzi wathu, mpingo wathu, ndi ntchito ya amuna anga. Analozanso m'mwamba, ulendo uno mwamphamvu, milomo ikugwedera. Apo ndinazindikira kuti ndaiwala Mulungu, ndiye ndinamuthokoza chifukwa cha ulendo wabwino, chifukwa cha visa, ndi chifukwa cha heater ya m'nyumba mwathu.

Mayi wina wa tsitsi la mbuu anayankha amen, chapansipansi, mwachifundo.

Nthawi yomweyo china chake chinabangula pamwamba pa mutu wanga ngati ng'ombe yamphongo. Nditasendera pang'ono n'kukweza maso, ndinaona kuti benchi yanga inali kunsi kwa nsanja yamatabwa. Pansanjapo panali pothithikana anthu, akazi a zipewa zoyera, amuna a ma violin, ndi mkulu wina akuuzira chitoliro chakuda chopindikapindika ngati njoka.

Nyimboyo inali yokoma mpaka kupweteka mtima. Mabesi ankayamba okha, ena n'kuwathamangira pambuyo, mawu n'kukapezana kumapeto ngati anthu ochokera njira zosiyana. Koma mavesi ake sankatha. Kukhala pansi kukanakhala mwano, kutembenuka kunali kuyang'ana khoma, ndiye ndinangoima maso ndi maso ndi mpingo wonse. Yankho anadzuka n'kuyamba kuwabayibitsa.

Mu galimoto alamu anayamba aseka mpaka kuimika pambali pa msewu. Kenako anandifotokozera kuti kale m'midzi ya ku England oimba ankakhala pansanja ya kumbuyo, ndipo nyimbo ikamayamba mpingo unkatembenuka kuwayang'ana. Ati bambo wa jekete uja ananena zimenezi momveka bwino, ine ndili kokadyetsa nkhosa.

Ndinafunsa ngati mwina oimba aja, poti anali pamwamba, sanandimve.

"Mayi a Yankho, mkulu wa chitoliro uja anagwira mpweya m'masaya kuyambira pa dzina lanu mpaka pa heater!"

Anthu akakutembenukira, usanatsegule pakamwa yamba waona chimene chili pamwamba pa mutu wako.